Dzina la Filipo ndi nyali ya amoyo

Champhira,
Lachinayi Loyera

Amayi,

Kodi muli bwanji kumene muliko? Ndafunsa chifukwa munandilera kuti munthu sayamba nkhani asanapereke moni, koma kunena zoona moni wanga lero ndi wouma. Mtima wanga ukutentha, ndipo pena mkwiyowu ukugwerani inu nomwe. Mupirire, monga munkapiririra muja ndikamenyetsa chitseko ndili mtsikana.

Ndiyambe ndi zabwino zisanandithawe. Chimanga chachita bwino chaka chino, makamaka kumunda wa kudambo uja munkati ndi wa alesi chifukwa umabereka wokha. Ana ayamba kale kutupa mimba ndi mondokwa. Fodya yekha ndiye matalala anamuboola masamba, moti mkamwini wanu Yakobe akamuyang'ana amangopukusa mutu n'kubwerera kukakonza njinga za anthu pansi pa mtengo wake uja. Ng'ombe yanu yofiira inaswa thole. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba, ndipo sitinalidzutse chifukwa palibe wophikamo. Petulo wanga wayamba sukulu, ndipo akuti aphunzitsi amamuyamikira Chichewa. Ndinamuuza kuti athokoze inu, agogo ake a ku Kasungu, amene munakhala kuno moyo wanu wonse wa pabanja koma mapemphero a Chitumbuka munkawayankhabe m'Chichewa, mokweza, osachita manyazi.

Tereza, mkazi wa mwana wanu Filipo, anachira bwino, mwana wamkazi. Iye ankafuna dzina lakuti Masozi. Ine ndinakana kwamtuwagalu, ndinati khanda lisasenze misozi ya akuluakulu, likhale Veronika, dzina lanu. Pa ubatizo ndinapambana ndine, koma pamudzi aliyense akumuitana Masozi. Tsopano akuyenda, ndipo chipumi ndi chanu chenicheni. Bambo wake sanamuonepo.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikukubisirani. Ndinkati ndidikire Filipo abwere kuti ndidzakuuzeni itatha, koma ikukana kutha.

Chilimwe cha chaka chimene munatisiya, anyamata a malaya ofiira anayamba kusaka anthu a mpingo wokana kugula makadi a chipani aja. Tsidya la mtsinje anawatenthera nyumba masana, dzuwa likuswa mtengo. Amene anayatsa muuni woyamba ndi a Chisi, tcheyamani wa chipani kuno, omwe aja amakhala pa benchi lakutsogolo m'tchalitchi mwathu n'kumaimba mokweza kuposa kwaya yonse. Anthuwo anathawira ku Zambia. Anatsala agogo Nyalungu okha, azamba aja, miyendo itatupa, atakhala pambali pa phulusa la nyumba yawo. Manja awo ndi amene anandilandira ine pobadwa, analandira Filipo, analandiranso ana onse a m'nyumba ya a Chisi. Mudzi wonse unawaona, mudzi wonse unayang'ana kumbali. Filipo anawakweza pa kaliyala, n'kuikankha njingayo mpaka kumalire, kupitirira Jenda. Sanadzere n'kutchire komwe, anadzera mumsewu anthu akuona.

Atabwerako ndinamukalipira mpaka mawu anandithera. Iye anangoseka, amvekere, "Adumbu, mlongo wanga, amama akanakhala moyo mbwenu akanawabereka kumsana. Ine ndachita ulesi, ndagwiritsa njinga."

Sipanapite nthawi. Tsiku la msika pa Jenda, ali pakati pogulitsa anyezi, amuna awiri ovala majekete anamuitanira pambali ngati akufuna kugula thumba lonse, n'kumukweza m'galimoto. Njinga yake inabwera ndi mnzake madzulo. Ine ndinakwera basi mpaka ku Mzimba pa boma. Khomo ili anditumiza khomo ilo, khomo ilo anditumiza kuseri. Potsiriza bambo wina wa tayi anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena mofatsa kuti, "Mayi, munthu ameneyo kulibe. Mukapitiriza kufunsa za munthu amene kulibe, ana anu adzavutikanso kufunsa za inu." Ndinabwerera. Kuyambira pamenepo sitinamve kanthu, kaya kuti ali kundende iti, kaya kuti akupuma.

Apa ndiye pamene ndakukwiyirani, amayi. Munamuphunzitsa ndinu. Tikadya, "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Tikapita kumunda, omwewo. Wamisala akadutsa mumamuitana kuti adzamwe thobwa, ife tikubisala kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi, koma Filipo anameza zonse. Munafesa mbewu yanu n'kunyamuka, kukolola mwasiyira ife. Mukanamuphunzitsako ndi mantha pang'ono, bwenzi lero akufolera khitchini yanu.

Tsopano ndinene za nyali, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Mwambo wathu uja ukadalipo. Lachitatu la Phulusa timatchinga mazenera ndi mphasa, m'tchalitchi n'kuda ngati m'nkhokwe ngakhale kunja kuli dzuwa, ndiye timayatsa tinyali ta koloboyi pa thabwa patsogolo pa guwa. Lamulungu lililonse la Lenti kamodzi kamazima. Amene anaferedwa chaka chimenecho amaimirira, kutchula dzina la wakufayo, n'kuuzira, mpingo n'kuyankha kuti ause mumtendere. Mdima umanka nukula mpaka Lachisanu Loyera, pamene imatsala imodzi yokha, yanu ija ya galasi, imene timati nyali ya amoyo. Imeneyo siizimitsidwa. Woisunga amaima nayo kutsogolo, anthu n'kumatchula abale awo amene ali kutali, a ku Joni, a ku migodi, a m'chipatala. Akatha amaivundikira ndi mtsuko woboola kuseri kwa guwa, n'kumaithira parafini mpaka m'mawa wa Pasaka, pamene aliyense amayatsirako kandulo yake.

Wansembe wachinyamata amene amabwera pa njinga yamoto masiku ano anati mwambowu mulibe m'buku lililonse. Akuti wansembe wakale amene anauyambitsa ankangofuna kutionetsa mmene machimo amadetsera dziko, ndi kuti kuwala kwa Ambuye kumabisika koma sikufa, tsono za maina tinaonjezera tokha. Azimayi tinamuuza kuti ngati mulibe m'buku alembemo. Sanabwerezenso.

Dzina lanu analitchula ndi Filipo, Lenti yoyamba mutapita. Anauzira, anauziranso, kanyali osazima chifukwa milomo inkanjenjemera, mpaka ndinapita kukamuthandiza. Nyali ya amoyo inatsalira ine. Galasi ndimalipukuta ndi kansalu kanu komwe kaja, ndipo chingwe ndimadula monga munandionetsera, ndikukumbukira mawu anu akuti nyali siisunga chinsinsi, ukaimana mafuta imakuulula pamaso pa anthu.

Chaka chatha pa Lachisanu Loyera ndinaima nayo nyaliyo. Azimayi anatchula amuna awo a ku Joni mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga, ndisanamalize ndi "Fi" yemwe, akatekisiti athu a Nyirongo anayambitsa nyimbo, kwaya n'kuilandira ngati anapangana. Dzina linamira m'nyimbomo. Pambuyo pake anadzandipepesa, akupotokola chipewa m'manja. "Ndapota, chonde mama, musandione ngati munthu woipa. Chiuta amamva ndi za mumtima." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji za ku Joni sakuzisiyira mumtima, iwo anangovala chipewa n'kumapita.

Zimenezo ndinazipirira. Za chaka chino ndiye zandipyola.

Muyenera kudziwa mmene Tereza wakhalira. Dzina lake pamudzi linasanduka "mkazi wa chigawenga." A Chisi anakana kumugulitsa khadi, ndipo inu mukudziwa kuti wopanda khadi ndi munthu wopanda miyendo. Kumsika wa boma mtedza wake sauyeza. Kuchigayo amamuika kumapeto, dzuwa n'kulowa iye asanagayitse. Basi sakwera. Mwana atadwala chifuwa nthawi ya mvula, anyamata aja anamubweza pachipata cha sikelo, mwanayo akubanika kumsana. Ndinachita kumubereka ine n'kukanama kuti ndi wanga. Azimayi amene ankasinja naye mtondo umodzi akamuona akubwera kuchitsime amafulumira kusenza, ndowa zisanadzaze. Ife timamupatsako ufa ndi mchere, koma Yakobe naye makasitomala ena anamuthawa, ndiye sikuti tili ndi zambiri.

Pakati pa Lenti, a Chisi anapita kwa Tereza, a Nyirongo ali pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika. Ine kunalibe, anandiuza ndi Tereza mwini pambuyo pake. Akuti anakhala pansi bwinobwino, kumuseweretsa mwana, kenaka n'kunena kuti, "Mkazi wa chigawenga ife sitimudziwa yayi. Koma mkazi wamasiye ndi mwana wa tonse. Palibe angamubweze pachipata." Sanamuuze kuti Filipo wafa. Sanabweretse ngakhale malaya ake. Anangoti tinyali tatsala tochepa pa thabwa paja, aganize msanga.

Lamulungu loti lotsatira lake ndi la Kanjedza, ndinalowa m'tchalitchi osadziwa kanthu. Mdima unali utakula kale, nkhope za anthu zikuoneka mwa apo ndi apo. A Nyirongo atafunsa ngati alipo woferedwa, ndinaona munthu akuimirira kumbali ya azimayi, mpango wakuda kumutu, mwana kumsana. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Anafika pa thabwa, anawerama, n'kunena motsitsa, "Filipo." Anauzira kamodzi kokha, kanyali n'kuzima.

Amayi, tchalitchi chonse chinati zii. Anthu aja anadziwa kuti achita chinthu choipa, ndinawamva kupuma kwawo. Ndiye kuchokera pa benchi lakutsogolo panamveka mawu aakulu aja, "Ause mumtendere!" Ena onse anatsatira ngati nkhosa. Ine ndinapezeka ndaimirira, ndikukuwa kuti, "Mtembo wake mwauika kuti? Manda ake ali pati, ndikalire?" Wina anandikoka chitenje mpaka chinamasuka, ndipo kwaya inayamba nyimbo. Kwaya yathuyi yaphunzira kuimba msanga.

Titatuluka ndinamulondola Tereza kunyumba kwake. Sindikubisirani, ndinamunena mawu oipa. Ndinati boma linangomutenga, koma womupha ndiwe. Ndinati wagulitsa mwamuna ndi kakhadi. Iye sanalire. Anamutsitsa mwana kumsana, anamuika pamphasa, n'kundiyang'ana m'maso.

"Mlamu, imwe muli ndi mwamuna pakhomo," anatero. "Ine ndagona ndi dzina nthawi yonseyi. Dzina silipita kuchigayo yayi, dzina silitenga mwana kusikelo. Ngati ali moyo abwere adzandimenye, ndidzagona pansi ndekha. Koma adzapeze mwana wake ali moyo."

Mawu akewo anandikwiyitsa koposa. Ndikudziwa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikudziwa kuti mukanakhala inu mukanamukumbatira. Ine ndinatuluka osatsanzika, ndipo mpaka lero sindinapondeko. Ufa ndikumatumiza. M'mawa mwake khadi lake linafika, pamodzi ndi sopo wa chipepeso wochokera kwa akazi a a Chisi. Sabata yomweyo anagayitsa chimanga dzuwa lisanafike pamutu. Tsopano akulu a kumudzi akuti Pasaka ikapita timete, maliro athe. Ndawauza kuti lumo limenelo ayambire pa mitu yawo, wanga saukhudza.

Koma Tereza ndi nthambi chabe, amayi, tsinde ndikulidziwa. Lenti yonseyi takhala tikumva kuti lapani, lapani, bwererani kwa Ambuye. Ife tasiya nyama imene sitidya n'kale, tagwada pa Njira ya Mtanda mpaka mawondo achita zipsera. A Chisi pa Lachitatu la Phulusa anali oyamba pamzere, ndipo mtanda wa pachipumi pawo unali waukulu kuposa wa aliyense, anayenda nawo tsiku lonse pa sitolo osaufufuta. Ndinauyang'ana n'kudzifunsa ngati phulusa limenelo silinali la nyumba ya agogo Nyalungu. Munthu amene anayatsa madenga a anzake ndi amene lero akutiuza nyali yoti izime. Ndipo palibe angamukhudze, chifukwa ndi iye anapezera tchalitchi malata. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, munkatero, koma simunatiuze kuti tizimuimbiranso nyimbo.

Ndinapita kukalapa kwa wansembe wa njinga yamoto uja. Ndinamuuza kuti tchimo langa ndi mkwiyo, ndipo sindikufuna kuusiya. Ananong'ona kuti iyenso amamutchula Filipo mumtima pa Misa iliyonse. Ndinatsala pang'ono kuseka. A Nyirongo mumtima, wansembe mumtima, azimayi a kuchitsime nawo akuti mumtima. Mitima ya kuno yadzaza ndi Filipo, pakamwa pokha ndi pamene akusowa malo. Ndi Mulungu yemwe ndili naye mawu. Ndimamufunsa kuti mwana wake anagona m'manda masiku owerengeka, amake anauona mtembo, anaufukata, anadziwa pamene anamuika. Nanga ife tinalakwa chiyani choti tisadziwe ngakhale choti tilire kapena tidikire?

Dzulo a Nyirongo anabweranso. Anayamba ndi zakutali, za mvula, za thole, kenaka anati mwina ndatopa, nyali ya amoyo chaka chino aigwireko akazi a a Chisi. Ndinawauza kuti nyaliyo munagula ndinu ndi mtedza wa m'munda mwanu, si ya tchalitchi, si ya chipani. Anaona kuti pamenepo palibe njira, ndiye ananena zimene anadzera.

"Mama, munthu mmodzi sangakhale m'nyali ziwiri. Tinamuzimitsa kale. Mukamutchula mwa amoyo, mbwenu mwanena kuti Tereza ananama pamaso pa Chiuta. Mwanenanso kuti alipo amene akumusunga. Mawu amenewo ndi olemera chomene, ndipo benchi lakutsogolo lili ndi makutu."

Ndinawayankha kuti ndamva, yewo, apite bwino. Sanandinamize, ndikudziwa. Ndikalitchula dzinalo, khadi la Tereza likhoza kulandidwa, ndipo ine galimoto ikhoza kundipeza. Yakobe wandidandaulira mpaka misozi, mwamuna wamkulu. Akuti ndiganize za ana. Ndikuwaganiza. Ndikuganizanso za Filipo, ngati ali penapake m'chipinda chopanda zenera, akuwerengera kuti kwawo Lachisanu Loyera mlongo wake aima ndi nyali ya amayi ake. Anthu onse amuika m'manda ali maso. Ndikakhala chete inenso, ndiye kuti dothi lotsiriza ndathira ndine.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chikundidya. Bwanji ngati Tereza sananame? Bwanji ngati ndikuika ana anga ndi mwana wa Filipo pamoto chifukwa cha munthu amene anapuma kale? Kuno palibe angandiuze. A boma akuti kulibe, a tchalitchi akuimba nyimbo, a Chisi mwina nawonso sakudziwa. Mwatsala inu nokha, amayi. Kumene muliko simufunsidwa khadi. Ngati Filipo anafika kumeneko, mwamuona, ndipo ndikudziwa kuti simunamusiye pakhomo.

Ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo musandikanize, chifukwa nkhaniyi munaiyamba ndinu. Ngati ali nanu, mubwere kutulo lero. Simuyenera kulankhula zambiri. Mungoima pamene ndingakuoneni, iye ali pambali panu, basi. Ndikakuonani, mawa ndigwira nyali osatsegula pakamwa, ndipo ndikatuluka ndipita kwa Tereza kukagwada, ndimete, ndilire mlongo wanga monga munthu alirira. Koma mukapanda kubwera, ndidziwa kuti sanafike.

Mukapanda kubwera, mawa ndiima kutsogolo ndi nyali yanu. Ndidikira a ku Joni atchulidwe onse. Kwaya ikayamba nyimbo ndiisiya iimbe mpaka mavesi athe, ikayamba ina ndidikiranso, chifukwa mapemphero sangathe nyali isanavundikiridwe, ndipo woivundikira ndine. Pakadzati zii, ndinena dzina lake lonse, mokweza monga munkayankhira mapemphero inu, kuti ndi benchi lakutsogolo lomwe limve.

Ana ndawatumiza kale kwa alamu anga ku Manyamula, ndawauza kuti akadyere Pasaka kumeneko. Nkhuku ndatsekera, ufa wa Tereza ndapereka wokwanira mwezi. Madiresi ndikavala awiri ndi juzi mkati, chifukwa amene amatengedwa sapatsidwa mpata wokalongedza.

Mupereke moni kwa adada. Ndigona msanga lero kuti musavutike kundipeza. Ndakukwiyirani, koma ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti chimene mundiuze, pobwera kapena posabwera, ndichita chomwecho.

Ndine mwana wanu,
Rozina